Nchito ya Madotolo a Khutu, Mphuno ndi Pakhosi

Mau amene analankhulidwa pa Msonkhano Waukulu wa Chaka ndi mmodzi wa mamembala a Bungwe, amene anagwira nchito ya chipatala zaka zambiri. Alembedwa muno monga anawalankhulira.



Pamene a Mlembi ananditumizira kalata yondipempha kuti ndidzalankhule pa msonkhano uno, anandipatsa ufulu wosankha ndekha mutu wa nkhani, malinga ukhale wokhudza umoyo wa anthu a m'boma lathu. Ndinayamba kuganiza za malungo, za madzi akumwa ndi za uchembere. Koma ndinaona kuti zimenezi mwazimva kawiri-kawiri kwa anthu ozidziwa koposa ine. Chotero ndasankha kukamba za madotolo amene ambiri a ife sitinawaonepo ndi maso, ndiwo madotolo a khutu, mphuno ndi pakhosi, amene pa zikwangwani za chipatala amalembedwa ndi malemba atatu akuti ENT. Ine mwini sindine mmodzi wa iwo. Ndinali wothandiza dotolo chabe pa zipatala zazing'ono, ndipo mbali yanga inali kuwatumizira odwala amene andikanika. Koma munthu wotumiza mnzake pa ulendo ayenera kudziwa kumene akumtumako, ndipo chimenecho ndicho ndidzayesa kukufotokozerani.

Wina angafunse kuti, nanga nchifukwa ninji dotolo mmodzi asenza ziwalo zitatu? Chifukwa chake nchakuti zitatuzi ziri ngati nyumba za pa bwalo limodzi, zopitana ndi tinjira ta kuseri. Kumbuyo kwa mphuno, pamwamba pa mmero, kuli kanjira kopita m'kati mwa khutu, kena kumanja kena kumanzere. Kanatchedwa dzina la Bartolomeo Eustachi, sing'anga wa ku Italy amene anakafotokoza m'zaka za m'ma 1500. Nchito yake ndiyo kulowetsa mpweya m'khutu. Aliyense amene anatsikapo ndi basi pa mtsetse wa Golomoti kapena wa Chiweta, namva makutu ake atatseka, kenaka natseguka pomeza malovu, ameneyo anakamva kanjirako kali pa nchito. Mwa mwana kanjirako nkakafupi ndiponso nkogona chopingasa, kotero kuti chimfine cha m'mphuno sichichedwa kuolokera ku khutu. Dotolo wofuna kuchiza khutu la mwana ayenera tsono kusuzumira m'mphuno ndi pakhosi pomwe.

Khutu limene tiliona kunjali ndi khonde chabe. Kuchokera pakhomo pake pali mpata wotalika ngati masentimita 2 ndi theka, umene uthera pa kachikopa kopyapyala, ndiye mwinikhutu. Mau akafika amgwedeza monga chikopa cha ng'oma. Kuseri kwa mwinikhutu kuli kachipinda ka mpweya, m'mene muli timafupa titatu tolumikizana. Kotsiriza ka timafupato ndiko kakang'ono koposa mafupa onse a m'thupi la munthu, kotalika ngati mamilimita 3, kosafika ndi pa njere ya mpunga yomwe. Kameneka kagogoda pa chiwalo china chopindika ngati chigoba cha nkhono, chodzala ndi timadzi, ndipo m'menemo muli timaselo ta ubweya pafupi-fupi 15,000, timene titumiza mau ku ubongo. Mukumbukire chinthu chimodzi cha timaseloti, pakuti ndidzabwereranso kwa ito: tikafa sitimeranso. Pambali pa nkhonoyo pali tingalande titatu timene tithandiza munthu kuima chiriri osagwa, ndipo nchifukwa chake munthu wodwala chizungulire nthawi zina amatumizidwa kwa dotolo wa khutu, iye nkumadabwa.

Nthenda imene ndifuna kukhalitsapo ndiyo ya khutu lotuluka mafinya. Sindikhulupirira kuti m'boma lino ulipo mudzi wopanda mwana wotere, ndipo tinaizolowera kotero kuti ena amaiyesa mbali ya ubwana monga kumera mano. Chiyambi chake chimakhala chotere. Tizilombo ta chimfine tikwera ndi kanjira kaja, mafinya nadzala m'kachipinda, mwana nalira usiku wonse atagwira khutu, thupi liri moto. Litapita tsiku limodzi kapena awiri mwinikhutu abooka, mafinya natuluka, ululu nuleka, mwana nagona tulo. Pomwepo amake ayesa kuti wachira. Inde, kawiri-kawiri bowolo limapola lokha. Koma mafinya akapitirira masabata 2 osaleka, imeneyo yasanduka nthenda yokhalitsa. Bowo silitsekeka, madzi a kudambo alowa posamba, mafinya nabweranso mwezi ndi mwezi, timafupa tija nkumadyeka pang'ono-pang'ono, ndipo kumva kwa mwanayo kumachepa osadziwika tsiku limene kunayamba kuchepa.

Pali choopsa choposa kugontha. Denga la kachipinda kaja ndi fupa lopyapyala zedi, ndipo pamwamba pake pagona ubongo. Mafinya akaboola dengalo, munthu agwidwa nthenda youmitsa khosi, kapena chithupsa chimera m'ubongo mwenimwenimo. Nthawi zina alowera m'fupa la kuseri kwa khutu, limene m'kati mwake liri ndi timauna ngati chisa cha njuchi; pamenepo kuseriko kutupa, kufiira, khutu nilikankhidwira kutsogolo. Mtsempha woyendetsa nkhope nawonso udzera pomwepo, ndipo ukakhudzidwa pakamwa pakhota, diso losatsinzinika. Mukaona chimodzi cha izi, kapena munthu wa khutu la mafinya ayamba mutu waukulu, kusanza ndi kusinza, musadikire kuti kuche. Palinso mtundu wina wa nthendayi umene khungu limerera m'kati nilidya fupa mwakachetechete. Mafinya ake amakhala ochepa koma onunkha koopsa, ndipo palibe dontho la mankhwala lingauchize koma opaleshoni yokha.

Chithandizo choyamba nchapafupi, ndipo mai aliyense angathe kuchiphunzira. Apote kansalu koyera kofewa ngati chingwe cha nyali, akalowetse pang'ono m'khutu kuti kamwe mafinya, nasinthe kena kufikira kansaluko katuluka kouma; atero katatu pa tsiku, ndipo atatha kupukuta ndipo adonthezemo mankhwala a ku chipatala, monga aja otchedwa ciprofloxacin. Kudontheza mankhwala pamwamba pa mafinya kuli ngati kuthira mchere pa chivundikiro cha mphika. Madzi asalowe m'khutulo posamba. Ine sindinyoza asing'anga athu a kumudzi, ndipo ena a iwo ndi abwenzi anga. Koma madzi a masamba, mafuta, mkaka wa m'mawere ndi fodya wopera, zimene anthu amathira m'khutu lobooka, zimalowa kufikira pa timafupa tija, ndipo sindinaonepo khutu limene linapindula nazo.

Khutu likauma koma bowo latsala, mpamene nchito ya dotolo wa khutu ioneka. M'chaka cha 1921 dotolo wa ku Sweden, Carl Olof Nylén, anayamba kuchita opaleshoni ya khutu akuyang'anira m'galasi lokuza zinthu. Ndipo m'zaka za m'ma 1950 madotolo awiri a ku Germany, Horst Wullstein ndi Fritz Zöllner, anakonza njira yosokera chigamba pa mwinikhutu wobooka. Masiku ano chigambacho amachitenga pa thupi la wodwala yemweyo, kawiri-kawiri pa kanembanemba kokuta mnofu wa pamwamba pa khutu. Ambiri amene achitidwa opaleshoni imeneyi mafinya amalekeratu, ndipo kumva kumabwerako.

Za phula la m'khutu ndinene mwachidule kuti si litsiro ai. Limateteza khungu la mu mpata uja, ndipo limatuluka lokha. Timitengo ta machesi, nthenga za nkhuku ndi tithonje tija togula m'sitolo zimangolikankhira m'kati, mwinanso kulasa mwinikhutu.

Tsopano mundilole ndiulule mlandu wanga. Chaka changa choyamba pa nchito, ndiri mnyamata wodzikhulupirira, anabwera mai wina ndi mwana wamkazi wa zaka ngati 4, amene analowetsa nyemba m'khutu posewera. Amake anali atayesa kuitsuka ndi madzi, osadziwa kuti nyemba ikamwa madzi imafufuma. Ine ndinaiona bwino-bwino, yoyera, pafupi ndi khomo. Ndinatenga kachitsulo kopanira, ndinauza maiyo kuti agwire mwana, ndipo ndinayesa kuigwira. Inaterera nilowa m'kati. Ndinayesanso, mwana anadzuka ndi mphamvu, magazi natuluka, ndipo sindinaonenso kanthu. Tinamtumiza ku chipatala chachikulu mawa lake, kumene anaichotsa atamgoneka ndi mankhwala. Kalata imene inabwerako inanena mwaulemu kuti mwinikhutu anapezeka atang'ambika. Sinatchule amene anamng'amba, koma ine ndinadziwa. Nyembayo ikadakhala m'menemo masiku awiri kapena atatu sikadaononga monga ndinaonongera ine m'kamphindi. Madotolo a khutu ali ndi timbedza ndi zopopera zake za nchito imeneyi, ndi nyali yoonera, ndipo chinthu chozungulira sachipana ai, amachikokera kuchokera kumbuyo kwake.

Kachilombo kamoyo, monga mphemvu yolowa m'khutu usiku, nkosiyana pang'ono, pakuti phokoso lake lingapengetse munthu. Ngati khutulo silinabookepo kale, madontho a mafuta ophikira oyera amakapha, ndipo m'mawa munthu apite akakachotse. Za mphuno mumve ichi: mwana akamatuluka mamina onunkha mbali imodzi yokha, masiku ambiri, m'menemo muli kanthu, kapena mkanda, kapena njere ya chimanga, kapena kasiponji ka matiresi, ngakhale mwanayo akane chotani.

Zolowa pakhosi ndizo zimapha. Pakhosi pali njira ziwiri, ya kutsogolo ya mpweya, yodzera pa kholingo kunka ku mapapo, ndi ya kumbuyo ya chakudya. Kwa zaka mazana ambiri palibe anaona kholingo la munthu wamoyo liri pa nchito, kufikira m'chaka cha 1854, pamene Manuel García, wa ku Spain, amene sanali dotolo konse koma mphunzitsi wa kuyimba, anatenga kagalasi ka dotolo wa mano, nakaika kumbuyo kwa pakamwa pake, nawalitsirapo dzuwa ndi galasi lina, naona timinofu tiwiri totulutsa mau tikutseguka ndi kutsekeka. Madotolo anatengera nzeru imeneyi kwa woyimbayo. M'chaka cha 1897 Gustav Killian, mu mzinda wa Freiburg ku Germany, analowetsa kampope kachitsulo m'njira ya mpweya ya mlimi wina, natulutsamo fupa la nkhumba popanda kung'amba chifuwa. Pambuyo pake Chevalier Jackson wa ku America anaikulitsa nchito imeneyi, ndipo zinthu zoposa 2,000 zimene anachotsa m'khosi ndi m'chifuwa mwa anthu, mapini, ndalama, mabatani, misomali, zisungidwa kufikira lero m'nyumba yoonetsera zakale ya Mütter ku Philadelphia.

Kwathu kuno chimene chivuta kwambiri ndi mtedza. Mwana wamng'ono alibe mano a kumbuyo otafunira, ndipo amaseka ndi kuthamanga chakudya chiri m'kamwa. Atsamwa, atsokomola koopsa, nkhope kuda. Kenaka akhala bwino, ndipo onse apuma nati kadutsa. Komatu kawiri-kawiri kanjere ka mtedzako katsikira m'mapapo, makamaka mbali ya kumanja, ndipo patapita masabata mwanayo ayamba chibayo chimene chimva mankhwala lero nichibweranso mwezi wamawa. Mtedza suoneka pa chithunzi cha X-ray monga chionekera chitsulo, chotero dotolo amadalira mau a kholo. Mukafika ku chipatala musaiwale kunena kuti tsiku lakuti mwanayu anatsamwa. Mwana wosakwana zaka 5 mumpatse mtedza wosinja, osati wathunthu.

Pali zinthu zina ziwiri za m'nyumba zimene ndiziopa. Choyamba ndi timabatire tozungulira ngati ndalama, ta m'mawochi, m'matochi aang'ono ndi m'zidole; kameneka kakaima pammero kayamba kuotcha mnofu m'maola 2 okha, ndipo kangaboole ndithu. Mwana wotere ngwothamanga naye usiku womwewo. Chachiwiri ndi soda woopsa uja wopangira sopo, ndi mankhwala ena otere, amene timawasunga m'mabotolo a zakumwa. Jackson yemwe uja anaona ana ambiri amene mmero wao unapsa nutsekeka ndi zipsera, ndipo analimbana kufikira boma la America linakhazikitsa lamulo m'chaka cha 1927 lakuti zinthu zotere zilembedwe chizindikiro cha poizoni. Mwana akamwa zimenezi musamsanzitse, pakuti zidzamuotcha kawiri, polowa ndi potuluka.

Kamfuno sindichedwapo. Magazi ake kawiri-kawiri amachokera kutsogolo kwenikweni kwa khoma logawa mphuno, pamene pakumana timitsempha tambiri. Munthu akhale pansi, aweramire kutsogolo, apane mbali yofewa ya mphuno mphindi 10 kapena 15 osasiya, akupumira m'kamwa. Kugadamitsa mutu, monga tinaphunzirira tonse, kumangotsitsira magazi m'mimba. Akapanda kuleka, kapena akamabwera-bwera mwa munthu wamkulu, ayesedwe kuthamanga kwa magazi, ndipo dotolo angathe kuotcha kamtsemphako kapena kutsekamo ndi nsalu yake.

M'mbali ziwiri za pakhosi muli tizotupa timene madotolo amatcha matonsilo. Zilonda za pakhosi zambiri zimachira zokha. Koma ziripo zina, zobwera ndi kutentha thupi, mafinya pa matonsilo ndi mwanabere m'khosi, popanda chifuwa kapena chimfine, zimene zimayamba ndi kachilombo kotchedwa streptococcus. Zimenezi zikapanda kulandira penisilini, mwa ana ena thupi limatembenukira mtima wa mwini wake, ndipo patapita zaka timapeza mtsikana wa zaka 15 akupuma movutika, miyendo yotupa, zitseko za mtima zitaonongeka, pamene chiyambi chake chinali pakhosi pamene palibe anapasamala. Kale madotolo anali kuchotsa matonsilo mwa ana ambirimbiri; masiku ano amachotsa ngati nthendayo ibwera kawiri-kawiri chaka ndi chaka, kapena ngati atupa kotero kuti mwana aliza mkonono nabanika m'tulo.

Kwa inu azibambo anzanga ndiri ndi mau olemerako. Kusasa mau kwa masiku ochepa, munthu atafuula ku mpira kapena atayimba usiku wonse pa maliro, kulibe kanthu. Koma mau akasasa masabata 3 osabwerera, makamaka mwa munthu wosuta fodya ndi wakumwa kachasu, kholingo liyenera kuonedwa ndi maso. Masiku ano amalowetsa kachingwe kofewa ka nyali kudzera m'mphuno, munthu ali khale pa mpando, ndipo zimatha m'mphindi zowerengeka. Nthawi zina apeza chifuwa chachikulu, chimene chimachizika. Nthawi zina apeza khansa. Khansa ya kholingo ikapezeka ikali yaing'ono ambiri amachira, mau ao natsala. Ikachedwa, kholingo lonse lichotsedwa, munthu napumira pa bowo la pakhosi moyo wake wonse, ndipo ena amafika ngakhale zimenezo zosatheka. Chimodzimodzi munthu amene nsima yayamba kumuima pammero, nasamukira ku phala, pambuyo pake phala lomwe likana. Dziko lathu liri m'gulu la maiko amene khansa ya mmero ichuluka koposa pa dziko lonse lapansi, ndipo munthu wotere asataye miyezi akufunafuna amene anamlodza.

Zotupa za m'khosi ndi m'nsagwada nazonso zimafikira kwa madotolo amenewa, kuyambira chithokomiro, chimene chachepa chiyambire kudya mchere wa ayodini, kufikira chotupa chija chokula msanga m'nsagwada za ana. Chimenechi chinafotokozedwa m'chaka cha 1958 ndi Denis Burkitt, dotolo wa ku Ireland amene anali pa chipatala cha Mulago ku Kampala. Ndipo mu 1961 iye ndi anzake awiri anayenda pa galimoto mamailosi ngati 10,000, nadzera m'dziko lathu lino likali kutchedwa Nyasaland, akufunsa chipatala ndi chipatala. Anapeza kuti nthendayo ikonda malo otsika, otentha ndi a chinyontho, ndiwo malo omwe aja a malungo ambiri. Ngakhale ioneka yoopsa, imamva mankhwala mwa ana ambiri ngati afika msanga.

Ndibwerere ku timaselo tija tosameranso. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linalengeza m'chaka cha 2021 kuti anthu 430 miliyoni ali ndi vuto la kumva lofunika chithandizo, ndi kuti mwa ana, pafupi-fupi 60 pa 100 alionse vutolo likadapewedwa. Zogonthetsa ana tikuzidziwa: chikuku, matsagwidi, nthenda youmitsa khosi, malungo ofika ku ubongo, chikasu chachikulu cha mwana wakhanda, ndi rubella imene igwira mai ali ndi pakati. Katemera woteteza ku chibayo ndi ku mtundu wina wa nthenda youmitsa khosi anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2011, ndipo wa chikuku wophatikiza ndi rubella mu 2017. Mai wopita ndi mwana ku sikelo akutchinjiriza makutu ake ngakhale sadziwa. Mankhwala ena a chipatala nawo amavulaza khutu. Akuluakulu muli pano mukumbukira m'mene kwinini analizira makutu, koma kulira kwake kunali kutha mankhwala akatha. Jekeseni za streptomycin, kanamycin ndi gentamicin zingagonthetse kosabwerera, ndipo mu 2018 WHO inalangiza kuti kanamycin asiyidwe pochiza chifuwa chachikulu chosamva mankhwala. Munthu wolandira jekeseni zotere akamva makutu akulira auze dotolo tsiku lomwelo, koma asaleke yekha mankhwala.

Phokoso nalo limapha timaseloti. Makolo athu amene anapita ku Joni ndi Wenela, nagwira zitsulo zobowola mwala pansi pa migodi, ambiri anabwerako ndi masutikesi ndi njinga, koma makutu atalemera. Ife tinkati ndi ukalamba. Lero mgodi wathu ndi chigayo, ndi makina odulira zitsulo, ndi zokuzira mau za pa ukwati, ndi tija anyamata atsekera m'makutu tsiku lonse. Akatswiri amayesa phokoso ndi muyeso wotchedwa decibel, ndipo amati pa 85 munthu asapitirire maola 8 pa tsiku. Ife tiribe choyesera, koma pali njira: ngati muyenera kufuula kuti akumveni munthu amene mungamkhudze ndi dzanja, phokosolo likudya makutu anu. Eni zigayo amene muli mamembala a Bungwe lino, zotsekera m'makutu za anyamata anu mtengo wake sufika pa wa lamba mmodzi wa injini.

Mwana amaphunzira kulankhula ndi khutu, makamaka m'zaka 3 zoyamba. Wosamva salankhula, ngakhale lilime lake liribe chilema. Mu 1978 David Kemp wa ku London anapeza kuti khutu lamoyo limabweza kaphokoso kakang'ono likamva mau, ndipo pa nzeru imeneyi panapangidwa kamakina koyesa khanda liri m'tulo. Wopezeka msanga angathandizidwe ndi kamakina kovala kukhutu. Ena, amene nkhono yao inaferatu, amaikidwa kachipangizo m'kati mwa fupa, monga anachitira Graeme Clark ku Melbourne m'chaka chomwecho cha 1978, koma mtengo wake ngwaukulu zedi. Amene sangathandizidwe motero ali nacho chinenero cha manja, chimene chiri chinenero chokwanira monga Chichewa chathuchi, ndipo ziripo sukulu zao, monga Maryview ku Chiradzulu, Mountain View ku Thyolo, Mua ku Dedza ndi Embangweni ku Mzimba. Amene andimvetsa chisoni koposa ndi mwana wakumva pang'ono, amene palibe amdziwa kuti ngwodwala. Kunyumba amtcha wamwano chifukwa sayankha poitanidwa; kusukulu akhala kumbuyo, alephera, abwereza kalasi, natsiriza nkusiya. Aphunzitsi muli pano, mwana wotere muikeni kutsogolo, mulankhule naye akukuonani pakamwa. Ndipo ndipempha tonse, makolo ndi aphunzitsi, kuti khofi la pakhutu lilekeke, pakuti mpweya wa khofi limodzi ungathe kuphulitsa mwinikhutu.

Nanga madotolo amenewa ali kuti? Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinatsegulidwa mu 1958, koma panapita zaka pafupi-fupi 50 dziko lathu lisanakhale ndi mwana wakewake wodziwa ukatswiri umenewu. Woyamba anali Dr Wakisa Mulwafu, amene anakaphunzira ku Cape Town nabwerako mu 2007, nayambitsa chigawo cha khutu, mphuno ndi pakhosi pa chipatalacho. Pofika 2017 madotolo otere anali 2 okha pa anthu oposa 17 miliyoni. Poona kuchepa kwao anayamba kuphunzitsa othandiza madotolo nchito imeneyi mwapadera, nawatumiza ku zipatala za m'maboma, kotero kuti zambiri zimene kale zinali kufuna ulendo wa ku tauni tsopano zingathe kuonedwa pafupi. Zikulu-zikulu zokha ndizo zipita ku Blantyre kapena ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe.

Pamenepa mpamene nkhaniyi ifikira pa Bungwe lathu. M'chaka cha 2017 panatuluka zotsatira za kufufuza kumene kunachitika m'boma la Thyolo. Ana 150 anapimidwa, napezeka kuti ayenera kukaonedwa ku Queen Elizabeth, napatsidwa makalata. Amene anakafika anali 5 okha. Thyolo ndi Blantyre mpafupi, tonse tidziwa. Makolo atafunsidwa anatchula ndalama za ulendo, kusowa chokwera, kusadziwa khomo lakuti akalowere pa chipatala chachikulu chotere, ndi mantha a opaleshoni. Ine sindiwaweruza, pakuti ndinalembapo makalata otere ambiri, ndipo ndinali kudziwa polemba pomwepo kuti ena adzathera m'denga la nyumba pamodzi ndi makadi a sikelo.

Thumba lathu la chithandizo lakhala likugula mabokosi ndi nsalu za maliro, ndipo nchito imeneyo njabwino, isaleke. Koma ndipempha kuti Komiti iganizire zopatula gawo lina, ngakhale laling'ono, lolipirira basi mwana amene walembedwa kalata ya kwa dotolo wa khutu, mphuno ndi pakhosi, pamodzi ndi womperekeza mmodzi, kupita ndi kubwera. Mafumu ndi aphunzitsi aakulu angatithandize kulemba maina a ana a makutu a mafinya ndi osamva bwino m'midzi ndi m'sukulu zao. Mamembala athu okhala m'tauni, amene amatumiza zopereka zao mokhulupirika koma sapeza mpata wofika pa misonkhano, mmodzi wa iwo angathe kulandira mai ndi mwana pa depoti, nawalondolera kufikira pakhomo loyenera, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndiponso a Mlembi angalembere mkulu wa za umoyo wa boma lino, kupempha kuti wodziwa za makutu adzatichezere tsiku limodzi pafupi ndi pa 3 Malichi, limene liri tsiku lokumbukira za kumva pa dziko lonse, kuti ana olembedwa aja adzapimidwe pamodzi.

A Wapampando, ndaona kuti mwayang'ana wochi yanu kawiri, ndipo ndikupepesa. Pempho limeneli ndalipereka kale kwa a Mlembi molemba, kuti lilowe pa zokambirana za masana ano. Ndabwera ndi kanyali kanga kakale koonera m'khutu. Pa nthawi ya tiyi ndidzakhala m'kachipinda ka kuseri, ndipo amene afuna kuti ndimsuzumire, iye kapena mwana wake, afike. Kachitsulo kopanira kaja ndakasiya kunyumba.